Pusi wa Zapiro adathandiza ndani?

Mu Meyi 2016 nyuzipepala ya The Times ya ku South Africa idasindikiza katuni ya Jonathan Shapiro, wodziwika ndi dzina loti Zapiro. Pachithunzipo Pulezidenti Jacob Zuma akupukusa limba la mumsewu, ndipo kapusi kakuvina nyimbo ya mbuye wake. Nkhope ya kapusiko inali ya Shaun Abrahams, mkulu wa NPA, bungwe lozenga milandu m'malo mwa boma.

Chimene chidamuputa wojambulayo n'chomveka. Pa 29 Epulo chaka chomwecho khothi lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti ganizo la mu 2009 lothetsa milandu ya katangale ya Zuma linali lopanda mutu. Milanduyo inkakhudza ndalama zimene akuti adalandira maulendo 783, ndipo Schabir Shaik, mlangizi wake pa zachuma, adali atagamulidwa kale mu 2005 kukhala m'ndende zaka 15. Wopereka ziphuphu adapezeka wolakwa, woganiziridwa kuti adazilandira n'kukhala mtsogoleri wa dziko. Abrahams, m'malo motsegulanso mlandu, adalengeza kuti achita apilo. Ndani sakadapsa mtima?

Komabe tikufunsa: mwa zinthu zonse zimene munthu waluso ngati Zapiro akadajambula, adasankhiranji pusi? Chidole chokokedwa ndi zingwe sichikadanena zomwezo? Kodi adaiwala kuti mu Januwale chaka chomwecho Penny Sparrow, mayi wachizungu, adatcha anthu akuda amene adadzaza gombe la ku Durban pa Chaka Chatsopano kuti ndi apusi, dziko lonse n'kuwira? Miyezi isanu inali isanakwane. Nanga mkonzi amene adachiona chithunzicho chisanapite kumakina osindikizira, mtima wake sudagunde?

Ena amati kapusi kovinira limba ndi fanizo lakale la ku Ulaya, lotanthauza munthu wongotumidwa, ndipo khungu sililowapo. Amatikumbutsanso kuti Zapiro adalimbana ndi boma la tsankho mpaka adatsekeredwa mu 1988. Zonsezo n'zoona. Koma chithunzi chikatuluka m'nyuzipepala sichiyenda ndi mbiri ya mwini wake. Chimakafika m'maso mwa munthu amene agogo ake ankatchedwa nyani pafamu ndi mumgodi. Mu 1906 Ota Benga, mnyamata wa ku Congo, adaikidwa m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo mumzinda wa New York kuti anthu azimuonerera. Kufanizira munthu wakuda ndi nyani kudali chida cha ntchito: ukagwirizana nazo zoti uyu si munthu weniweni, kumulanda malo ndi kumukwapula sikukusowetsanso tulo. Mzungu akajambulidwa ngati pusi amanyozeka yekha. Munthu wakuda, kapena mkaladi ngati Abrahams, akajambulidwa chimodzimodzi amanyozeka pamodzi ndi mtundu wake wonse. Kodi wojambula amene wakhala zaka zambiri m'dzikolo angati zimenezi sankazidziwa? Rupert Murdoch adapepesa mu 2009 nyuzipepala yake ya New York Post itatulutsa katuni ya chimpanzi chowomberedwa ndi apolisi, imene ambiri adati inkanena Barack Obama. Phunziro lidalipo kale.

Chopweteka n'chakuti Zapiro amadziwa kulasa popanda kukhudza khungu. Pamlandu wogwiririra wa mu 2006, umene adapezeka wosalakwa, Zuma adauza khothi kuti atagona ndi mayi amene ankadziwa kuti ali ndi HIV adakasamba pofuna kuchepetsa chiopsezo chotenga kachilomboko. Ameneyu ndi munthu amene adatsogolerapo khonsolo ya dziko yolimbana ndi Edzi. Kuyambira pamenepo Zapiro adamumeretsa kampopi ka shawa pamutu, kakudontha madzi, ndipo kadamutsatira kwa zaka zambiri. Kampopi kameneko kankanena za mawu amene adatuluka m'kamwa mwa Zuma mwini. Palibe munthu wakuda amene adadziona yekha m'kampopiko. Nanga pusi uja ankanena chiyani chimene Abrahams adachita, choposa chimene adabadwa nacho?

Pambuyo pake Zapiro adavomera kuti adalakwitsa, ndipo adachita bwino. Koma masiku amene dziko limayenera kufunsa chifukwa chake wozenga milandu akutchinjiriza woimbidwa mlandu adathera pa kukangana za pusi. Ndani adapindula? Abrahams, amene amayenera kuyankha mafunso, adasanduka wolakwiridwa. Zuma adapuma.

Tsono tiwafunsenso olemekezeka amene adasankhidwa ndi mavoti. Ulemu wa munthu wakuda umathera pa zojambula basi? Ku Nkandla, kumudzi kwa Zuma, boma lidamwaza pafupifupi ma rand 246 miliyoni ati pokhwimitsa chitetezo. Thuli Madonsela, mkulu woteteza anthu ku zolakwa za boma, adapeza mu Malichi 2014 kuti m'ndalamazo mudatuluka dziwe losambiramo, khola la ng'ombe, khola la nkhuku, bwalo la zisudzo ndi nyumba yofikiramo alendo. Mu 2015 nduna ya apolisi, Nathi Nhleko, idaimirira pamaso pa atolankhani n'kuonetsa kanema wa ozimitsa moto akupopa madzi m'dziwelo, pofuna kutsimikiza kuti lidakumbidwa kuti lizizimitsa moto. Nduna yathunthu, yolipidwa ndi misonkho, kuuza mayi wotunga madzi pamtsinje ku KwaZulu-Natal kuti dziwe losambiramo ndi chitetezo! Kumeneko si kumuyesa chitsiru munthu wakuda? Misonkhoyo inali ya ndani?

Pa 31 Malichi 2016 khothi loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti Zuma adalephera kulemekeza malamulowo pokana kubweza ndalama, ndipo nayo Nyumba ya Malamulo idalephera ntchito yake. Patangopita masiku asanu aphungu adavota ngati Zuma achotsedwe pampando: 143 adavomera, 233 adakana. Anthu 233 amenewo adawerenga chigamulocho? Adalumbira kuteteza chipani kapena malamulo? Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo phungu amene adamutchinjiriza Zuma tsiku limenelo sangabisale kumbuyo kwa cholakwa cha wojambula.

Zuma adabweza ma rand 7.8 miliyoni mu Sepitembala 2016, ndipo adatula pansi udindo pa 14 Febuluwale 2018. Mwezi wotsatira milandu ya katangale ija idabwezeretsedwa, ndipo amene adalengeza anali Abrahams yemwe uja. Umboni wake unali womwe udalipo mu 2016. Bambo Abrahams, chidasintha n'chiyani kupatula munthu wokhala pampando?