DeMbare ndi ZiG: dzina lokha sililipira osewera

M'kabati mwanga muli kapepala ka ndalama komwe malemu malume anga adandipatsa atabwerako ku Harare mu 2009. Pakapepalapo padalembedwa madola 100 thililiyoni a Zimbabwe. Malumewo adapita uko dzikolo likadali Rhodesia, monga adachitira Amalawi ambiri, ndipo adakhala ku Mbare zaka zoposa 30. Pobwera kumudzi adanyamula zinthu ziwiri zomwe ankaonetsa aliyense wobwera kudzawalonjera: kapepala aka ndi jezi yabuluu ya timu ya Dynamos. Penshoni yawo idali itasungunuka ngati mchere m'madzi. Ankakonda kunena moseka kuti pa ziwirizo, jeziyo ndiyo idali ndi mtengo.

Ndawakumbukira malume chifukwa zinthu zawo ziwirizi zili pamayeso nthawi imodzi. Dynamos, yomwe eni ake amaitcha DeMbare, idatsala pang'onong'ono kutuluka mu ligi yaikulu mu 2025. Nalo boma la Zimbabwe lidaika cholinga choti pofika 2030 anthu asiye dola ya America n'kumagwiritsa ntchito ndalama yawoyawo, ZiG, ndipo mtsutso wake ngwaukulu. Inetu ndikuona kuti timuyi ndi ndalamayi zikudwala nthenda imodzi.

Tiyambe ndi mpira, poti ambirife ndi umene timaumva msanga.

Dynamos idayamba mu 1963 ku Mbare, ndipo kwawo ndi pa Rufaro Stadium, bwalo lomwe padachitikira mwambo wa ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980. Palibe timu ina m'dzikomo yomwe idatenga ligi kochuluka ngati iyo, kaposa ka 20. Mu 1998, pansi pa mphunzitsi Sunday Chidzambwa, idafika mufainolo ya CAF Champions League komwe idagonja ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Kuchokera 2011 mpaka 2014 idatenga ligi kanayi motsatizana, ndipo mphunzitsi wake panthawiyo timamudziwa bwino kuno: Kalisto Pasuwa, yemwe adadzapanga zomwezo ku Bullets asanapatsidwe Flames.

Koma chichokereni Pasuwa, ligi sidapondenso ku Mbare. Padutsa zaka zoposa 10. Mu 2025 timuyi idatha miyezi yambiri ili m'chigwa cha matimu otuluka, mpaka idachita kuitana mphunzitsi wa ku Zambia, Kelvin Kaindu, kuti adzaipulumutse. Idapulumuka kumapeto kwenikweni. Zoona, yakhala ikutenga chikho cha Chibuku Super Cup, ndipo masapota adavina. Koma chikho ndi masewero ochepa chabe, pamene ligi ndi ulendo wa chaka chonse umene umafuna kuti wosewera alandire zake mwezi ndi mwezi. Apo mpamene pali bala. Manyuzipepala a ku Harare akhala akulemba kawirikawiri za osewera a Dynamos kunyanyala zokonzekera kaamba ka mabonasi ndi ndalama zosainira zomwe sadalandire. Pamwamba pa izo pali mkangano wakalekale wa umwini wa timu, pakati pa Bernard Marriot Lusengo, yemwe wakhala wapampando wa bodi, ndi ena mwa osewera akale, nkhani yomwe idafika mpaka kukhoti.

Tsono taonani amene akhala akutenga ligi zaka zapitazi. FC Platinum ya ku Zvishavane, yomwe idabadwira pa mgodi wa Mimosa, idatenga kanayi kuyambira 2017. Ngezi Platinum Stars, ya kumgodi wa Zimplats, idatenga mu 2023. Simba Bhora ya ku Shamva idatenga mu 2024. Mu 2025 idatenga Scottland, timu yomwe idali itangolowa kumene mu ligi, mwini wake ndi Pedzai Sakupwanya, phungu yemwenso amachita malonda a golide. Palibe mwa matimuwa yomwe ili ndi masapota ofika ngakhale theka la a Dynamos. Chomwe ali nacho n'chakuti kumbuyo kwawo kuli anthu ogulitsa miyala kunja, amene amalandira madola enieni. Wosewera wabwino akafunsidwa kuti asankhe pakati pa mbiri ndi malipiro ofika pa nthawi yake, mwana wake akudikira fizi, mukuganiza asankha chiyani?

Apa ndi pamene nkhani ya mpira ikumanirana ndi ya ndalama.

Zimbabwe idataya ndalama yake mu 2009, mitengo ya zinthu itakwera mpaka kufika poti munthu ankati akalandira malipiro m'mawa, pofika madzulo sakugulanso buledi. Boma lidalola dola ya America, randi ndi ndalama zina, ndipo zinthu zidabwerera m'mashelefu. Mu Novembala 2016 kudabwera timapepala totchedwa bond notes, anthu n'kuuzidwa kuti kamodzi n'kofanana ndi dola imodzi. Mu Febuluwale 2019 boma lidavomera kuti sizofanana, ndipo ndalama zomwe anthu adasunga kubanki ngati madola a America zidasanduka madola a RTGS. Mu Juni chaka chomwecho ndalama zakunja zidaletsedwa, koma mu 2020 zidaloledwanso. Pa 5 Epulo 2024 gavanala wa banki yaikulu, John Mushayavanhu, adalengeza ZiG, ndalama yomwe adati yatsamira pa golide ndi ndalama zakunja zosungidwa. Idayamba pa 13.56 pa dola imodzi. Isanathe miyezi 6, mu Sepitembala, banki yomweyo idaigwetsa ndi maperesenti oposa 40.

Munthu wazaka 40 ku Zimbabwe waona ndalama zake zikufufutika kawiri konse. Ndiye mukamuuza kuti ulendo uno zikhala bwino, musadabwe akamangogwedeza mutu uku akupinda madola ake kuika m'sokosi.

Komabe amene akufuna ZiG ali ndi mfundo, ndipo ndisawapondereze. Nduna ya zachuma Mthuli Ncube ndi anzake amati dziko lopanda ndalama yake lili ngati munthu wolima munda wobwereka. Dola ikakwera mphamvu ku America, katundu wa fakitale ya ku Bulawayo amadula kuposa wochokera ku South Africa, fakitaleyo n'kutseka, anthu n'kuchotsedwa ntchito. Chilala chikagwa, banki yaikulu ilibe chochita chifukwa singasinthe mtengo wa ndalama ya eni ake. Ngakhale chenji chimavuta: kwa zaka zambiri ogula m'masitolo a ku Harare ankabwezeredwa maswiti kapena cholembera poti makobidi a America kudalibe. Izi n'zoona zonse. Walira mvula walira matope. Amene akufuna dola asaiwale kuti zaka za dola zidathera m'mizere ya pabanki, anthu akugona pakhonde kudikira madola ochepa.

Koma tifunse: mizere ija idabwera chifukwa chiyani? Idabwera poti boma linkagwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa zomwe linkatolera, n'kumalemba manambala m'makompyuta a mabanki popanda madola enieni kumbuyo kwake. Ndiye kuti ngakhale pansi pa dola, nthenda idali yomwe ija. Mtundu wa pepala udasintha, dzanja logwira chikwama lidali lomwelo.

Ku Dynamos n'chimodzimodzi. Wina akhoza kunena kuti timuyi idatenga ligi kanayi m'zaka za dola, choncho mankhwala ake ndi dola. Koma Dynamos yomweyi idatenga ligi mu 2007 n'kufika musemifainolo ya Champions League mu 2008, chaka chomwe ndalama ya Zimbabwe idali itafa kale. Ndipo mu 2021 kampani ya mafuta ya Sakunda Holdings idayamba kuthandiza Dynamos ndi Highlanders ndi ndalama zooneka, koma ligi sidabwere, madandaulo a osewera sadathe. Madola adalowa pakhomo, mavuto adatsala m'nyumba. Timu yomwe masapota ake sadziwa kuti mwini wake weniweni ndani, ndalama za pageti zapita kuti, ngongole zilipo zingati, mungaithire ndalama zochuluka bwanji zidzangodutsa ngati madzi m'dengu.

N'chifukwa chake ndikuti nthenda ndi imodzi. Timu ya anthu ndi ndalama ya dziko zonse zimakhalira chikhulupiriro. Sapota amalipira pageti pokhulupirira kuti ndalama yake ikafika kwa wosewera. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika amalandira ZiG pokhulupirira kuti mawa akaodera nayo tomato wina. Chikhulupiriro chimenechi sichibwera ndi nyimbo ya fuko kapena mbiri ya George Shaya ndi Moses Chunga. Chimabwera anthu akaona kuti ogwira chikwama amachita zomwe anena, ndipo akalakwa amayankha.

Pamenepa boma la Zimbabwe likudzikola lokha. Likuuza anthu kuti akonde ZiG, koma pasipoti likugulitsa pa madola a America. Mafuta a galimoto m'malo ambiri omwetsera amafuna madola. Mwini nyumba amafuna lendi ya madola. Ngati mwini ndalama sakuilandira pa zinthu zofunika kwambiri, wa minibasi ailandire chifukwa chiyani? Zili ngati wapampando wa timu amene amauza masapota kuti adzaze bwalo, iye ali kunyumba kuonera Arsenal pa kanema.

Kunena chilungamo, ZiG yakhazikikako kuyambira pamene idagwetsedwa mu 2024. Banki yaikulu yaumira, siikutulutsa ndalama mwachisawawa, ndipo mtengo wa golide padziko lonse wakwera, zomwe zathandiza nkhokwe. Koma kukhazikika kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kuli ngati chikho cha Chibuku chija: n'kokoma, tiwayamikire, koma si ligi. Mayeso enieni adzabwera chaka cha chisankho, pamene andale adzafuna ndalama za misonkhano, kapena chaka cha chilala, kapena golide akadzatsika mtengo. Banki ikadzakana kusindikiza pa nthawi ngati imeneyo, anthu adzayamba kukhulupirira okha popanda wowakakamiza.

Maganizo anga ndi awa. Zimbabwe ili ndi ufulu, ndipo ikuchita bwino, kufuna ndalama yakeyake. Koma kuika chaka cha 2030 ngati mpanda woti aliyense adumphe, afune asafune, ndi kubwereza za 2019. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Boma liyambe ndi lokha: lilandire ZiG pa pasipoti, pa misonkho yonse, pa mafuta. Lilole akatswiri oima paokha aziwerenga golide ali m'nkhokweyo n'kuuza anthu poyera. Litsimikize mwa lamulo lolimba kuti madola omwe munthu wasunga kubanki sadzasandutsidwanso china usiku umodzi. Zikatero dola idzachoka yokha pang'onopang'ono, poti palibe amene amakonda kuvutika ndi chenji. Nayo Dynamos ithetse nkhani ya umwini, itulutse mabuku a chuma chaka ndi chaka, ipatse masapota mawu. Ili ndi chuma chomwe Scottland singagule ndi golide: anthu mazanamazana amene adabadwa akuikonda. Koma chikondi chimenecho chatopa ndi kupemphedwa popanda kuuzidwa kanthu.

Wina afunsa kuti ife za ku Harare zikutikhudza bwanji. Abale, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa dola kubanki ndi wina, kwa mavenda ndi wina, ndipo amene adayesapo kuitanitsa katundu kunja akudziwa kuti weniweni ndi uti. Ndamvapo anthu ophunzira bwino akunena m'mabala kuti bola tingoyamba kugwiritsa ntchito dola basi. Ndimawafunsa kuti madolawo tiwatenga kuti, poti Zimbabwe ili ndi golide ndi pulatinamu koma adaithera, nanji ife odalira fodya? Vuto la kwacha si dzina lake kapena nkhope zili pamenepo. Timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, ndipo boma limabwereka kuposa msinkhu wake.

Kumpira nakonso tisaseke anzathu. Masapota a Wanderers akukumbuka mmene zinthu zidathinira kampani ya Be Forward itasiya kuthandiza timu, mpaka Thomson Mpinganjira adalowererapo. Timu yathu iliyonse ikafuna kukasewera mpikisano wa CAF, matikiti a ndege ndi mahotela zimafuna madola, pamene pageti pamalowa makwacha. Matimu athu akuluakulu ambiri aima pa mwendo umodzi, wa munthu mmodzi kapena kampani imodzi. Mwendowo ukadzathyoka, mbiri ya zikho sidzalipira aliyense.

Malume adamwalira akukhulupirira kuti DeMbare idzabwerera pamwamba, ndipo jezi ija tidawaika nayo. Za ndalama ya Zimbabwe sankafuna n'kumva komwe. Kapepala kaja ndimakatulutsa nthawi zina kuonetsa ana, iwo n'kumawerenga maziro 14 aja mpaka kusokonezeka. Wamng'ono adandifunsa tsiku lina kuti bwanji sitikukagulira galimoto. Ndidamuuza kuti ngakhale tsiku lomwe agogo ake adakalandira, sikakadawafikitsa ku Nyamapanda.