Tisagulitse Njinga Zakale pa Sikelo



Ambiri mwa ife tikudziwa pamene pali njinga yamoto imene inaima kalekale. Mwina ili kuseri kwa nyumba ya ansembe, mwina ili m'khonde mwa agogo amene anali mlangizi wa zaulimi. Matayala anaphwa, chishalo chinang'ambika, ndipo nkhuku zinapeza pogona pamwamba pa thanki. Ogula zitsulo zakutha akabwera ndi sikelo yawo, mwini wake amaipereka pa mtengo wa mbuzi yowonda, nathokoza kuti pakhomo payera. Ife tikuti kumeneko ndi kutaya chuma, ndipo amene akuluza kwambiri ndi ife achinyamata.

Njinga zimenezi anazipangira misewu yonga yathu. M'chaka cha 1968 kampani ya Yamaha ku Japan inatulutsa DT-1, njinga yopepuka, yamiyendo italiitali, yotha kuyenda pa phula ndi m'thengo momwe. Kuchokera ku mtundu umenewo kunabadwa DT125 imene makolo athu amaidziwa bwino. M'chaka cha 1973 kunabwera AG100, yopangidwira alimi oweta nkhosa ndi ng'ombe ku Australia, ya tcheni chotsekeredwa kuti matope asachidye, ndipo pambuyo pake inatsatira AG200. Honda nayo inali ndi XL125. Zitafika kuno kwathu zinanyamula alangizi, azaumoyo, ansembe ndi makatekisiti kupita kumidzi kumene galimoto silifika nthawi ya dzinja. Pali ana ambiri amene analandira katemera, ndi odwala ambiri amene anayenderedwa, chifukwa cha njinga zomwe lero tikuziyesa zinyalala.

Kawirikawiri njinga yotere siifa ndi ukalamba. Imafa ndi kusasamalidwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto, anaona kuti mu Africa muno njinga za azaumoyo zinkatayidwa zisanayende mtunda wokwanira, chifukwa chosowa kachipangizo kakang'ono kapena munthu wodziwa kuzisamala. Anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene ngakhale kuno ku Malawi lakhala likunyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera ku zipatala za kumidzi. Nzeru yawo inali yosavuta: wokwera aliyense aphunzire kuyendera njinga yake m'mawa uliwonse, isanafike pofa.

Tsono amene watsegula injini ya DT125 koyamba amadabwa kuti mulibe zamatsenga. Ndi injini ya two-stroke, yopanda mavavu m'mutu mwake, ndipo munthu wodekha akhoza kuchotsa mutuwo ndi silinda, kuona pistoni ndi maring'i, ndi kubwezera zonse tsiku lomwelo. Mulibe kompyuta yofuna makina a ku tauni. Petulo akakhalitsa mu kabureta amauma ngati ulimbo natseka timabowo ting'onoting'ono todutsa mafuta, ndipo njinga zambiri zimene anthu amati zinafa zimangofuna kutsukidwa pamenepo ndi kupatsidwa pulagi yatsopano. Koma pali msampha umodzi umene wagwetsa ambiri. Injini yotere imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo oyiloyo amachokera m'kathanki kakekake kudzera pa pampu imene a Yamaha anaitcha Autolube. Pampuyo ikaleka kugwira ntchito, njinga imalira bwinobwino kwa kanthawi, kenaka pistoni imakakamira m'kati, ndipo ndalama za miyezi itatu zapita. Wodziwa amayesa pampu asanakondwere ndi kulira kwa injini. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi mawuwa amapherezera.

Apa ndi pamene tisiyana ndi anzathu ena. Iwo akapeza njinga yakale amathamangira penti, zomatamata ndi kuboola paipi ya utsi kuti mudzi wonse udziwe kuti akudutsa. Ife tikuti ndalama yoyamba ipite ku mabuleki. Mabuleki a njinga zakale ndi a m'ng'oma, ndipo chikopa chake chikakalamba chimatha kumatuka pa chitsulo, n'kumanga gudumu munthu ali pa liwiro. Yachiwiri ipite ku matayala. Tayala likhoza kuoneka la mano athunthu koma mphira wake atauma. M'mbali mwake muli manambala anayi otsiriza osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, kotero 2314 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Kenaka masipoko, zingwe za klatchi ndi buleki, tcheni pamodzi ndi magiya ake awiri, pakuti tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa. Fyuluta ya mpweya, imene ndi kasiponji chabe, itsukidwe ndi kupakidwa oyilo, chifukwa fumbi la mu Okutobala likalowa mu injini limapala zitsulo ngati mchenga pa poto. Penti ingadikire mpaka chaka chamawa.

Sitikubisa zovuta. Zipangizo zenizeni zakwera mtengo, ndipo zambiri zopezeka ku Ndirande kapena ku Malangalanga ndi zongofanizira, zina zabwino, zina zosatha mwezi. Injini ya two-stroke imatulutsa utsi ndipo imamwa petulo kuposa njinga za kabaza za masiku ano. Munthu amene akufuna njinga yopezera ndalama mawa lomwe, asadzivute ndi DT ya zaka makumi atatu. Komanso, ndipo ichi tichinene mosapsatira, njinga yopanda mapepala isagulidwe, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Nambala ya pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zolembedwa m'bulubuku. Kukonza njinga yobedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi kukonzera apolisi umboni.

Komabe phindu lilipo limene sikelo singaliyeze. Mnyamata kapena mtsikana amene wadzutsa njinga imodzi ndi manja ake waphunzira kuwerenga buku la makina, kusunga mabawuti m'zitini zolembedwa, kufunsa makaniko wachikulire popanda manyazi, ndiponso kuvomera kuti walakwitsa n'kumasulanso. Achinyamata anayi atasonkherana, kugula njinga imodzi ndi masipanala, Loweruka lililonse masana akhoza kukhala ndi sukulu imene ambiri sangathe kuilipira.

Za kukwera sitinena zambiri. Kukoma kwa njinga yotere kuli m'misewu ya fumbi yokwera phiri la Zomba kapena yodutsa m'mapiri a ku Dedza, m'mawa kusanatenthe, munthu ataimirira pa zopondera, mawondo akulandira mabampu. Kumeneko pafunika chipewa chomanga lamba, nsapato zophimba akakolo, laisensi, ndi mnzako wodziwa kumene wapita. Ndipo pofika pamudzi, giya itsike. Njira imene ife tikuiyesa bwalo la masewera ndi yomwe amayi amadzera ndi ndowa pamutu, ndi yomwe ana amathamangiramo osayang'ana, ndipo mizere ya chimanga ya m'mbali mwake ili ndi mwini. Pepani sapoletsa chilonda.

Sabata ino tiyeni tikafunse eni njinga zoima zija ngati mapepala ake akadalipo, tisanakhudze bawuti ngakhale imodzi. Ngati alipo, tikachotse pulagi, tikathire timadontho ta oyilo pa bowo lake, ndipo patapita masiku awiri tikaponde kiki pang'onopang'ono kuti timve ngati pistoni ikuyenda.