Mbiya Yaing'ono Siichepetsa Luso la Mfuluzi

Agogo anga aakazi, omwe amakhala kufupi ndi Migowi m'boma la Phalombe, akhala akufulula masese kuyambira ine ndisanabadwe. Mgolo wawo waukulu utabooka, anatsala ndi chidutswa cha mgolo ndi mbiya ziwiri zadothi. Anthu ena anawauza kuti angosiya, poti mowa wofulula m'tiziwiya tating'ono suyenda malonda. Iwo sanasiye, ndipo ndalama zina za fizi yanga ya ku sekondale zinachokera m'mbiyazo. M'nkhani ino ndikufuna kunena kuti luso limeneli ndi nzeru yeniyeni, ndipo ife ophunzira zilankhulo tiyenera kulilemba lisanatayike.

Poyamba, tione vuto limene chiwiya chaching'ono chimabweretsa. Phala la mowa likamawira limatukumuka, ndipo chiwiya chikadzaza kwambiri limasefukira pamoto. Choncho agogo amaphika phala lolimba kawiri kapena katatu, n'kumalisungunula ndi madzi owiritsa likaphulidwa. Koma phala lolimba silichedwa kupserera, ndipo fungo la kupserera silichoka mpaka mowa utapsa. Pamafunika moto wochepa komanso kutakasa kosalekeza. Vuto lina ndi lakuti phala loyamba limakhala litazizira pamene lomaliza likadali lamoto. Chimera chikathiridwa m'phala lotentha kwambiri chimafa mphamvu yake yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mowa umatuluka wosalowerera. Agogo amasakaniza mapala onsewo, n'kupisamo chala, kenako n'kugamula ngati nthawi yakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, nzeru imeneyi si yathu yokha. Anthu a kunja amene amafulula m'nyumba zawo mowa wonga wa ku Belgium amakumana ndi vuto lomweli. Mphika ukachepa, amawiritsa madzi a chimera cha balere okhathamira, n'kuwonjezera madzi pambuyo pake. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo analemba mabuku, ndipo aliyense wofuna kuphunzira amawerenga. Ku Westvleteren, amonke a nyumba ya Sint-Sixtus amafulula mowa wochepa mwadala, wongokwanira kusamalira nyumba yawo, koma mbiri yake inafika kutali. M'chaka cha 2016, bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha mowa cha dziko la Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Bungwe lomwelo linazindikira gule wa Tchopa wa Alhomwe mu 2014, ndi kaphikidwe ka nsima mu 2017. Nanga otheka, mowa umene umapezeka pa miyambo yathu yambiri, tikuuchitiranji manyazi?

Chachitatu, pali nkhani ya chilankhulo. Tsiku lina ndinafunsa anzanga asanu m'kalasi tanthauzo la khuntho, chosefera mowa chija. Mmodzi yekha ndiye anayankha, ndipo nayenso anali wokayika. Mawu amafa ntchito yake ikafa. Agogo akamafulula amasakaniza Chichewa ndi Chilhomwe, ndipo mawu ena achilhomwe ndimawamva pa nthawi yokhayo basi. Tsiku limene adzatisiye, mawuwo adzapita nawo kumanda ngati palibe wowalemba.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mowa wapasula mabanja ambiri, ndipo wophunzira sayenera kuuyamikira. Akunena zoona ndithu. Kwathu ndaona abambo akumwera ndalama za nandolo, ana akugona ndi njala. Komabe tisasakanize zinthu. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, linkalimbana ndi mowa waukali wotchipa umene unkafika ngakhale m'matumba mwa ana a sukulu. Masese amatenga masiku angapo kuti apse, sakhalitsa, ndipo amamwedwa poyera, akuluakulu akuona. Komanso luso loumika chimera ndi kuyesa kutentha kwa phala ndi lomwelo limene limatipatsa thobwa wa pa ukwati ndi wa kumunda. Kulemba za chinthu si kuuza anthu kuti aledzere.

Pomaliza, ndikupempha aphunzitsi athu kuti potituma kukatolera miyambi ndi nthano, azititumanso kwa amayi ofulula. Tikakhale nawo pansi, tikalembe dzina la chiwiya chilichonse, gawo lililonse la ntchito, ndi chifukwa chake amachita motero. Ine ndayamba kale. Pa tchuthi chapitachi ndinakhala masiku anayi pambali pa chidutswa cha mgolo chija ndi kope m'manja. Agogo anandiseka, nati, "Mdzukulu wanga, ulemba bwanji kutentha kwa chala changa?" Funso limenelo sindinaliyankhebe, koma masamba khumi ndi awiri ndinadzaza.