Mwana Akasankha Maphunziro a za Umbanda



Zotsatira za MSCE zikatuluka, funso m'makomo ambiri limakhala limodzi: kodi mwanayu akaphunzire chiyani? Masiku ano ena mwa ana athu akutchula criminology, ndipo makolo akamva kuti ndi za umbanda mitima imadumpha. Tisaope. Awa ndi maphunziro ofufuza chimene chimachititsa munthu kupalamula, njira zopewera milandu, ndiponso ngati chilango chimamusinthadi wolakwa.

Maphunzirowa anachokera kutali. M'chaka cha 1764 Cesare Beccaria wa ku Italy analemba kuti chimene chimaletsa wakuba si kukula kwa chilango ayi, koma kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo mlandu wake suchedwa. Mu 1876 Cesare Lombroso, wa komweko, anati chigawenga n'chibadwa ndipo chimadziwika ndi maonekedwe a mutu. Koma Charles Goring atayeza akaidi ambiri ku England, anasonyeza mu 1913 kuti zimenezi si zoona. Ife sitidabwa, pakuti ku madrasa timaphunzitsa kuti mwana aliyense amabadwa pa fitrah, wopanda tchimo. Mu 1939 Edwin Sutherland wa ku America anafotokoza kuti umbanda munthu amauphunzira kwa anthu ocheza nawo. Mtumiki Muhammad (SAW) anatichenjeza kale za bwenzi loipa polifanizira ndi wopemerera moto wa chipala, amene amasiyira mnzake fungo kapena kumuotchera zovala.

Kufunsa chifukwa chake munthu walakwa si chachilendo m'Chisilamu. Khalifa Umar (RA) sanapereke chilango chodula dzanja m'chaka cha njala chotchedwa Ramada, pozindikira kuti njala ndiyo inkakankha anthu. Chilungamo chimayamba ndi kufufuza.

Nanga kuno kunyanja tikuchita bwanji? Ukonde kapena injini ya boti ikabedwa ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, ambiri timathamangira zibonga, ndipo pena wophedwayo amakhala wosalakwa. Shariah siloleza gulu kuweruza munthu pamsewu popanda umboni. Tikusowa ana athu odziwa kufunsa mafunso oyenera: kodi kuba kumachuluka nyengo yotseka nyanja? Nanga katundu wobedwayo amagula ndani? Chamba chikufika bwanji kwa anyamata a padoko?

Kundende nakonso kuli ntchito. Mu 2009 khoti lalikulu, pa mlandu wa Gable Masangano, linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wawo. Pali abale athu ku Zomba, Maula ndi Chichiri amene akatuluka sapeza wowalandira, mapeto ake amabwereranso. Khomo la taubah silitsekedwa, ndipo pamafunika anthu ophunzira owathandiza kuyambiranso.

Komabe tisabise mawu. Digiri imeneyi siipangitsa munthu kukhala loya, ndipo wofuna upolisi adzapitabe kusukulu ya apolisi. Ntchito zake zimapezeka kupolisi, kundende, ku Anti-Corruption Bureau, ndi kumaofesi osamalira ana opalamula, koma malo ndi ochepa. Mwana akhale wolimba pa Chingerezi ndi masamu, chifukwa muli kuwerenga kwambiri ndi kuwerengetsa milandu. Musanalipire fizi, funsani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka. Ena amaphunzira ali kwawo kudzera ku University of South Africa.

Chachikulu ndi mtima. Ntchito zimenezi zili ndi mayesero a ziphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ndi otembereredwa. Mwana wosasunga swala ndi amanah, digiri yokha siingamuteteze. Koma ngati mwana wanu ndi wachilungamo, wachifundo ndiponso wosaopa kunena zoona, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi, musamutsekereze. Khalani naye pansi, pemphani uphungu, chitani istikhara, kenaka mumudalitse.

Allah atsogolere ana athu ndipo ateteze midzi yathu. Ameen.