Singano za ku China: zimathandiza pati, zimalekera pati?

Mu 1971 James Reston, mtolankhani wa nyuzipepala ya New York Times, anadwala mwadzidzidzi ali ku Beijing ndipo anachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Madokotala anagwiritsa ntchito mankhwala oletsa ululu a kuchipatala, koma pambuyo pake m'mimba munayamba kum'sautsa. Dokotala wina anamubaya singano zopyapyala pachigongono ndi m'munsi mwa mawondo, ndipo anapeza bwino. Zimene Reston analemba zinawanda ku America konse, ndipo mpaka lero mkangano sunathe: kodi singanozi zimachiza, kapena wodwala amangochira ndi chikhulupiriro?

Azungu amati acupuncture. Eni ake amati zhenjiu, mawu ophatikiza kubaya singano ndi kuwotcha zitsamba zouma pafupi ndi khungu. Wa kwathu kuno akamva angaganize za mphini, koma n'zosiyana. Pa mphini amapaka mankhwala, pamene singano imalowa yokhayokha, n'kukhala mphindi zingapo, n'kuzulidwa. Buku lakale la Huangdi Neijing, la zaka zoposa 2,000, limaphunzitsa kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi kudzera m'njira 12 zikuluzikulu, ndipo matenda amadza ikatsekeka. Mu 1027 dokotala wina dzina lake Wang Weiyi anaumba zifanizo za mkuwa zokhala ndi timabowo posonyeza pobaya. Akuti pa mayeso ankazimata phula n'kuthiramo madzi, ndipo wophunzira akabaya pamalo pake madzi ankatuluka. Luso lophunzitsidwa mwa dongosolo lotere si lolinyoza.

Koma ngakhale ku China komweko luso limeneli silinayende mosalala. Mu 1822 mfumu Daoguang inalichotsa m'sukulu ya madokotala a kunyumba yachifumu. Linadzabwerera ndi mphamvu m'nthawi ya Mao Zedong, pamene dzikolo linali ndi anthu ochuluka kumidzi koma madokotala ndi mankhwala zili zochepa. Mu 2010 UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ulemu umenewo ndi wa mwambo, si umboni wakuti limachiza.

Umboni weniweni uli m'kafukufuku, ndipo wochititsa chidwi kwambiri ndi wa ku Germany amene anatuluka mu 2007. Anthu oposa 1,000 odwala msana kwa nthawi yaitali anagawidwa patatu. Ena anabayidwa m'malo amene mabuku amanena, ena anabayidwa pamwamba chabe m'malo osayenera, ndipo ena analandira mankhwala ndi masewera olimbitsa thupi monga mwa nthawi zonse. Patatha miyezi 6, opeza bwino anali pafupifupi 48 pa 100 alionse m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 okha m'gulu lachitatu.

Aliyense anatolapo zake. Okonda singano akuti: onani, zaposa mapiritsi. Otsutsa akuti: ngati kubaya paliponse kukuthandiza chimodzimodzi, njira za qi zili kuti? Onse ali ndi mfundo. Palibe amene anaziona njirazo potumbula thupi. Komanso n'zodziwika kuti kubaya kumatakasa mitsempha, ndipo thupi limatulutsa mankhwala akeake ochepetsa ululu. Tisaiwalenso kuti wodwala amagona theka la ola pamalo abata, wina akum'mvetsera ndi kum'gwira, chinthu chosowa m'zipatala zodzaza. Mu 2012 wofufuza Andrew Vickers ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za odwala pafupifupi 18,000 ndipo anapeza kuti singano zenizeni zimaposa zabodza, koma pang'ono chabe. Bungwe la zaumoyo la NICE ku Britain linazikana pa ululu wa msana mu 2016, koma mu 2021 linazivomera pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikudziwika.

Pali chimene mbali zonse ziyenera kugwirizana: kuopsa kulipo. Singano yogwiritsidwa ntchito kawiri imafalitsa matenda a chiwindi, ndipo yolowa kwambiri pachifuwa imatha kuboola mapapo. M'manja mwa wophunzira bwino, wotsegula singano yatsopano wodwala akuona, ngozi zotere n'zosowa. Choopsa chachikulu ndi kuchedwa. Munthu wa khansa, chifuwa chachikulu, malungo kapena HIV akasiya mankhwala n'kudalira singano, akutaya masiku amene sadzabweranso.

Kwa ine, funso lakuti luso ili n'loona kapena labodza ndi lalikulu mopitirira. Tifunse kuti: pa nthenda iti? Mayi amene mawondo akhala akum'pweteka zaka zambiri, mapiritsi atam'yambitsa kale zilonda za m'mimba, akagona tulo atabayidwa singano, tulo take n'tenitenidi, kaya qi iliko kaya kulibe. Koma wobayayo akam'lonjeza kuti chotupa cha m'bere chisungunuka, wam'lakwira kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulemu waukulu umene tingapatse ophunzira a Wang Weiyi ndiwo kuyesa luso lawo monga ankayesedwera iwo eni: pamene madzi atuluka tivomere, pamene sanatuluke tinene.