Mankhwala a m'thanki si achinyengo

Mphekesera yafala yakuti mankhwala a khansa amene amapangidwa poweta maselo a zomera m'mathanki ndi achinyengo, ati mphamvu yeniyeni imakhala mu mtengo womera m'nthaka basi. Ife tikukana, ndipo mbiri ya paclitaxel, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Taxol, ndiyo mboni yathu.

Mankhwalawa adapezeka m'makungwa a mtengo wa Taxus brevifolia wa kumpoto chakumadzulo kwa America. Makungwa oyamba adatoledwa mu 1962, ndipo mu 1971 asayansi Monroe Wall ndi Mansukh Wani adafotokoza mpangidwe wa mankhwalawo. Boma la America lidawavomereza mu 1992 pochiza khansa ya thumba la mazira. Koma vuto lidali lalikulu: mtengowu umakula pang'onopang'ono, ukasendedwa umafa, ndipo pamafunika makilogalamu masauzande a makungwa kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mankhwala. Nkhalango zikadatha odwala asadachire.

Lero ku Ahrensburg m'dziko la Germany, kampani ya Phyton Biotech imaweta maselo a mtengo wina wa m'gulu lomwelo la Taxus m'mathanki ofika malita 75,000. Amatenga kachidutswa ka mtengo, n'kukaika pamalo opanda tizilombo, n'kumakapatsa shuga, mchere wofunika ndi timadzi tokulitsa. Maselo akachulukana, iwo eni ndiwo amatulutsa paclitaxel, monga amachitira ali m'nkhalango. Ntchito ya munthu ndi kuwadyetsa, kusefa ndi kuyeza. Mlimi akadula phesi la chinangwa n'kulibzala kwina, alipo amene amati chinangwa chakecho n'chabodza? Chotuluka m'thanki ndi chotuluka m'khungwa n'chimodzi, ndipo thupi la wodwala silisiyanitsa. Kuposa apo, za m'thanki sizidalira mvula, nthaka kapena msinkhu wa mtengo, choncho mlingo wake suvuta kuusunga.

Nkhaniyi si ya kutali. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2020, amene adachitikanso ku Malawi ndi ku Zimbabwe, adapeza kuti paclitaxel amathandiza kuposa mankhwala ena amene adawayerekeza nawo pa khansa ya Kaposi mwa anthu okhala ndi HIV. Wofalitsa mphekesera ija akuopseza abale athu omwewa.

Tisakokomeze ayi. Njirayi n'njokwera mtengo ndipo sizomera zonse zimene zimalola. Vincristine, mankhwala ena a khansa ochokera ku kaduwa ka Catharanthus roseus kobadwira ku Madagascar, amadalirabe masamba olimidwa m'munda, chifukwa maselo a kaduwaka akaikidwa m'thanki satulutsa zokwanira. N'chifukwa chake kuteteza zomera kukadali kofunika: selo lililonse la m'thanki lidachokera ku mtengo wamoyo.

Choncho tisataye nthawi kukangana ngati mankhwala adakulira m'thanki kapena m'thengo. Tifunse ngati adayezedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala, ngati akupezeka m'zipatala zathu, ndiponso ngati wodwala wa kumudzi angawafikire nthenda isanakule.