ZA UMOYO: Ululu pa matenda oyambitsidwa ndi mankhwala

Amayi ambiri a ku Msumba ndi midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja amachita mantha akamva anamwino akunena kuti matenda awo ayambitsidwe ndi mankhwala. Mbiri imene imamveka kudambwe ndi kuchitsime ndi yakuti ululu wa diripi ndi wosapiririka. Mbiriyi ili ndi choona chake, pakuti matenda oyambitsidwa nthawi zambiri amabwera mwamphamvu ndiponso motsatana. Koma chithandizo chochepetsa ululuwo chilipo.

Achipatala sayambitsa matenda mwachisawawa ayi. Amatero mimba ikapitirira masabata 41, nsupa ikasweka koma matenda osayamba, kapena magazi a mayi akamathamanga kwambiri. Mankhwala ake ndi awiri: oxytocin wa mu diripi ndi mapiritsi a misoprostol. Mayi amene anachirapo ndi opareshoni aziwauza anamwino msanga, chifukwa misoprostol akhoza kung'amba chiberekero chake. Ndi chifukwa chakenso ntchitoyi imayenera kuchitikira komwe opareshoni ingatheke, monga ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga.

Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense azikhala ndi womudikirira amene wadzisankhira yekha, kaya amayi ake, apongozi kapena mchemwali wake. Wodikirirayo amusisite pamsana, amuthowe m'chiuno ndi nsalu yofunda, ndi kumukumbutsa kupuma mozama ululu ukafika. Anamwino akalola, mayi ayendeyende, agone chammbali, amwe madzi kapena phala. Njira zimenezi sizilira ndalama, komabe zimathandiza zedi.

Ululu ukakula pali jakisoni wotchedwa pethidine. Iyeyu amachepetsa ululu, sauthetsa. Amabweretsa tulo ndi nseru, ndipo akabayidwa mwana ali pafupi kubadwa, khandalo limachedwa kupuma bwino. Choncho anamwino akakana kubaya pa nthawi imeneyo, asayesedwe ankhanza.

Palinso jakisoni wa pamsana wotchedwa epidural, amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi. Ameneyu amafuna katswiri wa mankhwala ogonetsa, motero sapezeka m'zipatala zazing'ono zakumudzi.

Choopsa chachikulu ndicho kumwa mwanamphepo kapena zitsamba zina zofulumizitsa matenda, makamaka pamwamba pa mankhwala a kuchipatala. Chiberekero chimakakamizika mopyola muyeso, mwana amabanika, ndipo nthawi zina chimaphulika, mayi n'kutaya magazi ambiri. Agogo ndi apongozi amene amabisa botolo m'chitenje achenjere, pakuti chifundo chotere chapha ambiri. Ngati mayi wamwa kale, aulule asanaikidwe diripi.

Ululu wosalekeza ngakhale pang'ono, kutuluka magazi, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba ndi zizindikiro zofunika kuitana anamwino nthawi yomweyo. Kulira si manyazi, ndipo kudzilimbitsa mwakachetechete kwabisa ngozi zambiri.

Abambo nawonso ali ndi gawo lawo. Ulendo wochoka kunyanja kudzera ku Metangula mpaka ku Lichinga ndi wautali, kotero ndalama ya galimoto, ufa ndi womudikirira zikonzeke mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe. Mafunso onse afunsidwe ku sikelo masiku asanakwane. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.